Mkangano wa foni ukamabwerera madzulo aliwonse

M'nyumba zambiri za mu Lusaka mkangano wake ndi umodzimodzi, kaya ndi ku Chawama, ku Kabwata kapena ku Chelstone. Nsima yapsa, mwana waitanidwa kachitatu, iye maso ali pa foni. Amayi mtima wakwera, alanda foniyo n'kukaitsekera m'kabati. Pakapita masiku angapo foni ija yabwezedwa chifukwa aphunzitsi amatumiza homuweki pa WhatsApp, ndipo zonse zayambiranso pomwe zinalekera. Kholo likugona ndi nkhawa, mwana akugona ndi mkwiyo, kukacha palibe chasintha.

Kulanda foni ndi komwe ambiri timathamangira, koma sikuthetsa vutoli, ndipo nthawi zina kumalikulitsa. Mwana akadziwa kuti chilichonse chokhudza foni mathero ake ndi kulandidwa, tsiku limene munthu wachilendo adzayambe kumuopseza pa intaneti sadzakuuzani. Adzasenza yekha. Ichi chimandidetsa nkhawa kuposa maola onse amene ana amathera pa TikTok.

Zimene timaona ndi maso, monga kupsa mtima msanga, kusadya, kuwodzera m'kalasi ndi kudzitsekera kuchipinda, gwero lake si limodzi. Wina ndi tulo chabe. Wina anzake akumunyoza pagulu. Wina waluza ndalama zanu pobetcha ndipo akuopa tsiku limene mudzazindikire. Makanika wodziwa ntchito yake samasula injini asanamvetsere mmene ikulirira, ndipo nafenso tiyambe tamvetsera.

Sabata yoyamba musasinthe lamulo lililonse

Ingoyang'anani. Kodi nkhope yake imakhala yotani akangoika foni pansi? Mwana amene amacheza ndi anzake bwinobwino amadzuka pampando ali womasuka, amatha kuseka ndi mng'ono wake. Amene pali chomuvuta amadzidzimuka meseji ikalira, amatembenuza foni chafufumimba mukalowa, kapena amatuluka panja kukawerengera kuseri kwa nyumba.

Kenaka khalani naye pansi muonere limodzi mbiri ya foniyo. Pa mafoni ambiri a Android, kuphatikizapo Tecno, itel ndi Samsung amene ali m'manja mwa ana athu, mukalowa mu Settings mupeza Digital Wellbeing. Pa iPhone dzina lake ndi Screen Time. Pamenepo pamaoneka maola amene pulogalamu iliyonse yadya pa tsiku. Yambani ndi foni yanu, mumuonetse maola anu, kenaka ndiye yake. Sindikunena izi pofuna kukometsa nkhani. Mwana akaona kuti kholo nalo latsegula zake, amaleka kuona ngati ali pabwalo la milandu, ndipo mpamene amayamba kulankhula.

Funso lothandiza si lakuti "Umachita chiyani pa foni tsiku lonse?" Limenelo yankho lake ndi "Palibe". Yesani kufunsa chonchi: "Mwana wanga, pa zonse zili mufonimu, n'chiti chimakusangalatsa, nanga n'chiti chimakutopetsa?" Akayankha, musamudule mawu ngakhale mumve chinthu chimene sichikukukondweretsani.

Amadzuka wotopa, amakwiya pachabe, magiredi atsika

Mukaona izi ganizirani za tulo musanaganize za china chilichonse, chifukwa kawirikawiri vuto limakhala pomwepa ndipo ndi losavuta kukonza. Akatswiri a za tulo amati mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika maola 9 mpaka 12 ogona, ndipo wa zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10. Tawerengerani nokha. Mwana wokhala ku Kanyama amene amadzuka 05:00 kuti apeze minibasi yomufikitsa kusukulu nthawi yabwino ayenera kukhala atagona tulo pofika 21:00, apo ayi sakwanitsa ngakhale maola 8. Ngati 23:30 akadali pa mavidiyo, m'kalasi muli thupi lokha.

Foni imaba tulo m'njira zingapo. Kuwala kwake kumachedwetsa thupi kutulutsa melatonin, timadzi timene timaitana tulo. Mavidiyo afupiafupi anapangidwa mosakhala ndi mapeto, ina ikatha ina yayamba kale, ndiye palibe pomwe munthu anganene kuti ndamaliza. Ndipo meseji imodzi yopweteka yowerengedwa pakati pa usiku imazungulira m'mutu mpaka tambala kulira. Kuno kwathu kuli zinanso ziwiri zowonjezera. Mabandulo ausiku amakhala otsika mtengo, choncho mwana wa ndalama zochepa amadikira dala usiku kuti atsitse zimene akufuna. Chachiwiri ndi malaiti. Kuyambira chilala cha 2024, pomwe madzi anatsika kwambiri ku Kariba ndipo makomboni ankakhala tsiku pafupifupi lonse opanda magetsi, mabanja ambiri anazolowera kudzuka usiku malaiti akabwera kuti achaje mafoni. Foni inasamukira pambali pa pilo ndipo sinabwerereko.

Chochita chake n'chimodzi: mafoni onse a m'nyumba azigona pamalo amodzi kunja kwa zipinda zogona, pa sitingirumu kapena pomwe pali soketi yodalirika, kuyambira ola limodzi nthawi yogona isanakwane. Ndati onse, a adadi ndi a amami omwe. Ngati nyumba ndi ya chipinda chimodzi kapena ziwiri, kabokosi kapena kabati yotseka ikwanira. Mwana adzati, "Nanga alamu, Amami?" Wotchi ya alamu ya mabatire imapezeka m'mashopu a m'tauni pamtengo wochepa, kapena mudzimudzutsa nokha. Malaiti akabwera usiku, adzuke wamkulu mmodzi kukalumikiza machaja, ana asadzuke.

Masiku atatu kapena anayi oyamba adzakhala a madandaulo, ndipo apa mpomwe makolo ambiri amagonja. Pirirani masabata awiri. Ngati pofika pamenepo akudzuka bwino ndipo ukali wachepa, vuto linali tulo. Ngati akugona nthawi yabwino koma nkhope idakali yakugwa, kapena akulephera kugona ngakhale foni palibe, pali china pansi pake.

Amasintha nkhope akangowerenga meseji

Kale mwana wonyozedwa kusukulu ankapuma akafika kunyumba. Lero gulu la WhatsApp la kalasi limamutsatira mpaka pa mphasa. Wina wamujambula akuwodzera n'kusandutsa chithunzicho sitika, wina waseka nsapato zake za salaula, wina wamuchotsa pagulu pamaso pa onse kenaka n'kumubwezeramo kuti amusekenso. Kwa wamkulu izi zimaoneka zachibwana. Kwa mtsikana wa zaka 14 amene mawa ayenera kukakhala desiki imodzi ndi anthu omwewo, si zachibwana ayi.

Musanene kuti "Ingotulukamo pagulupo". Pagulu lomwelo mpomwe pamabwera zolengeza za kalasi, ndipo kutuluka kumaoneka ngati kuthawa, zomwe zimawonjezera chipongwe. Musathamangirenso kulemba pagulu la anawo kapena kuimbira kholo la mnzakeyo muli ndi mkwiyo. Mwana wanu ndi amene adzalipire mawa lake pa nthawi ya buleki.

Choyamba sungani umboni: jambulani mameseji ndi screenshot, pooneka nambala ndi tsiku. Kenaka muthandizeni kutseka phokoso la gululo ndi Mute kuti aziliona nthawi imene iye wasankha. Wovutitsa mmodzi angatsekedwe ndi Block. Mu Settings, pansi pa Privacy, pali Groups pomwe mungasankhe kuti anthu osawadziwa asamamulowetse m'magulu popanda chilolezo chake, ndipo pomwepo mungazimitse Last seen ndi Read receipts kuti m'macheza a anthu awiri asamapanikizidwe ndi mawu akuti "Wawerenga koma sukuyankha". Zikapitirira, pitani kusukulu mukaonane ndi aphunzitsi a guidance muli ndi umboni uja, koma mumuuze mwana musanapite, ndipo mumufunse zimene akuopa kuti zingachitike. Nthawi zambiri amadziwa bwino kuposa ife amene ali mtsogoleri wa chipongwecho ndi amene amangotsatira.

Pali mtundu wina wa kupweteka komwe palibe amene wamunyoza. Amangoona masitetasi a anzake ali ku Manda Hill kapena ku East Park, zovala zatsopano, keke ya tsiku lobadwa, iye ali pakhomo akutunga madzi. Apa ulaliki wa kukhutira ndi zomwe uli nazo sulowa. Chimene ndaona chikuthandiza ndi kumupezera chinthu chimene amachita bwino ndi manja kapena thupi lake pakati pa anthu enieni, kaya kwaya, mpira, netibo, kuluka tsitsi kapena kuthandiza pa kantemba ka azakhali ake Loweruka. Mwana amene ali ndi pomwe amayamikiridwa maso ndi maso sagwedezeka kwambiri ndi zithunzi za ena.

Ndalama zikusowa m'nyumba kapena mu mobile money

Ngati K20 ndi K50 zikungosowa, kapena mwana akupempha talk time kawirikawiri kuposa kale, onani mameseji a mobile money a nambala yanu ndi ya agogo ake. Kubetcha kwafika m'manja mwa anyamata a sukulu, makamaka kubetchera mpira ndi masewera aja a kandege kouluka. Lamulo salola munthu wosakwana zaka 18 kubetcha, n'chifukwa chake ana amagwiritsa ntchito nambala za akuluakulu, ndipo PIN anaiona tsiku lomwe munawatuma kukatapa ndalama ku booth.

Masewerawa anakonzedwa kuti pamapeto pake kampani ndiyo ipindule. Mwana amapambana kangachepe poyamba, kenaka amaluza, ndiye amabetchanso kuti abweze zomwe waluza musanadziwe. Nkhawa imene mukuiona pankhope pake ndi ya ngongole. Sinthani PIN lero lomwe, ndipo musamutumenso nayo. Mufunseni ndalama zonse zomwe zapita, kuphatikizapo zomwe anakongola kwa anzake, chifukwa ngongole yobisika ndiyo imamubwezera ku masewerawo. Gwirizanani momwe adzabwezere pang'onopang'ono ndi ntchito za pakhomo kapena ndalama ya thiransipoti yotsala. Kukwapula kuno sikubweza ngakhale ngwee imodzi, ndipo Children's Code Act ya 2022 inaletsa kulanga mwana pomumenya. Dziwaninso kuti ngati abambo a m'nyumbamo amakhala pa slip yobetchera Loweruka lililonse, mawu anu kwa mwana adzakhala opepuka.

Wagwidwa ndi mantha, sakufuna kusiyana ndi foni ngakhale pang'ono

Apa ndikupemphani muwerenge modekha, chifukwa ndi pomwe ana amavulala kwambiri. Munthu amadzionetsa ngati mtsikana kapena mnyamata wa msinkhu wake pa Facebook kapena Instagram, amacheza naye masiku angapo, amasamutsira macheza ku WhatsApp, kenaka amapempha chithunzi chamaliseche. Chikangotumizidwa, mawu amasintha: tumiza ndalama, kapena tumiza zithunzi zina, apo ayi ndizitumiza kwa makolo ako, kutchalitchi ndi kusukulu. Anyamata amagwa mumsampha umenewu monga momwe atsikana amagweramo. Nthawi zina woopsezayo si mlendo, ndi chibwenzi chakale kapena munthu wamkulu wodziwika pakhomo amene amamugulira mabandulo.

Mwana akakuululirani zotere, mawu anu oyamba ndi amene adzatsegule kapena kutseka khomo. Ngakhale mtima ukuwawa bwanji, yambani ndi akuti, "Wachita bwino kundiuza. Sindikutaya, tithana nazo limodzi." Za kulakwa kwake mudzakamba tsiku lina. Wolakwa wamkulu ndi amene akuopseza mwana, ndipo malamulo a Zambia a milandu ya pa intaneti amaika kupanga, kusunga kapena kufalitsa zithunzi zolaula za mwana pakati pa milandu ikuluikulu.

Musalipire. Amene walandira kamodzi amabweranso. Musafufute macheza, chifukwa ndiwo umboni: sungani nambala, dzina la akaunti, mameseji oopseza ndi nambala imene akufuna kuti ndalama zipiteko. Koma chithunzi chenichenicho musachitumize kwa wina aliyense, ngakhale kwa mlongo wanu kapena abusa pofuna uphungu, chifukwa kutero n'kuchifalitsa. Mukasunga umboni, lekani kumuyankha, mutsekeni ndi Block ndipo mumunenere pa pulogalamuyo ndi Report. Kenaka pitani ku polisi mukafunse ofesi ya Victim Support Unit. ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, nalonso limalandira madandaulo otere. Nambala ya 116 ya Childline ndi yaulere, ndipo mwana angaimbe yekha ngati pali zomwe akuchita manyazi kunena pamaso panu. Pa intaneti palinso Take It Down, chida chaulere cha bungwe la NCMEC la ku America chothandiza osakwana zaka 18. Chithunzi sichichoka mufoni. Chidacho chimangopanga chizindikiro cha manambala chimene Facebook, Instagram, TikTok ndi ena amagwiritsa ntchito pochizindikira ndi kuchichotsa chikaikidwa poyera. Sichifika m'macheza achinsinsi a WhatsApp, komabe chimachepetsa kufala.

Masiku amenewo musamusiye yekha nthawi yaitali. Manyazi a mtundu uwu ndi olemera kwambiri kwa mwana.

Nyengo ya mayeso ndi ana aang'ono

Mayeso a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso a sukulu, akayandikira, magulu olonjeza mapepala owukha amamera paliponse ndipo amafuna ndalama kudzera pa foni. Ambiri ndi akuba chabe, ndipo ngakhale pepalalo litakhala lenileni, mwana wogwidwa nalo zotsatira zake zimafafanizidwa. Mu 2018 boma linafika poimitsa mayeso kwa kanthawi pepala litafalikira pa intaneti, ana osalakwa n'kuvutikira limodzi. Muuzeni mwana wanu momveka kuti mukufuna magiredi ake enieni, ngakhale atakhala ochepa. Ana ambiri amalowa m'magulu amenewa chifukwa choopa ife.

Za aang'ono nkhani ndi yaifupi. Malangizo a 2019 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati mwana wosakwana zaka 2 asamaikidwe pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Ndikudziwa kuti mayi amene akugulitsa pa msika wa Soweto ali ndi mwana kumsana nthawi zina alibe chomutonthozera china koma katuni. Ngati zili choncho, tetezani nthawi ziwiri zokha: ya chakudya ndi ya kugona. Ndipo muzimuchenjeza isanathe, "Ikatha iyi tizimitsa", m'malo mongomutsomphola foni m'manja. Kumbukiraninso kuti Facebook, Instagram ndi TikTok malamulo awo salola mwana wosakwana zaka 13 kukhala ndi akaunti. Wa Giredi 5 akakhala nayo, ndiye kuti pali amene ananama za chaka chobadwa.

Nanga inuyo?

Makolo nafenso tapanikizika. Gulu la banja likufuna chopereka cha maliro ku Chipata, gulu la tchalitchi, la chilimba, la makolo a kusukulu, abwana akulemba 22:00, kasitomala akufuna yankho pompano. Pakati pa zonsezi pamabwera mavidiyo a ngozi ndi mauthenga oopsa osadziwika gwero lake. Munthu amafika pakhomo mutu utadzaza kale, ndiye mwana akangolakwitsa pang'ono, mkwiyo wa tsiku lonse umagwera iye. Mwananso amaona kuti akamalankhula, amami amayankha "Mm" maso ali pa sikirini.

Simungataye foni, ndi pomwe pali bizinesi ndi abale. Koma magulu ambiri angakhale pa Mute osavulaza aliyense, ndipo makasitomala amazolowera mukawauza nthawi imene mumaleka kuyankha. Pa nthawi ya nsima foni isakhale pa tebulo kapena pa mphasa. Ngati mwakwiya kale musanalowe m'nyumba, nkhani ya foni ya mwana idikire mpaka mutasamba ndi kudya. Ndipo chinthu china chimene timachichita mosaganiza: kuika pa sitetasi lipoti la sukulu la mwana, chithunzi chake akulira kapena vidiyo yomudzudzula. Anzake amaziona. Mufunseni kaye musanaike chilichonse chokhudza iye.

M'nyumba mukakhala akuluakulu angapo, gwirizanani. Lamulo limene amayi aika koma amalume akubwereketsa foni yawo mobisa usiku silikhala sabata.

Mwayesa zonse koma zabwereranso

Zimabwerera ndithu, makamaka pa holide, mwana akapita kukacheza kwa achibale kapena akapeza foni yatsopano. Sikuti mwalephera. Bwererani ku malo ogona mafoni ndi nthawi ya chakudya, muyambirenso. Zida monga Google Family Link, makamaka kwa ana osakwana zaka 13, kapena Family Pairing ya TikTok kwa achinyamata, zimathandiza kuika malire a maola, koma muziike mwana akudziwa. Wachinyamata amene waikiridwa mobisa amapeza njira yozilambalala pa foni ya mnzake, ndipo chomwe mwataya ndi chikhulupiriro chake. Akamakula, malire azimasuka pang'onopang'ono malinga ndi momwe akusungira zomwe munagwirizana. Ngati pafunika chilango, chikhale chachifupi ndi chodziwika mapeto ake, monga madzulo amodzi, ndipo chisagwe pa mwana amene wabwera yekha kudzaulula vuto.

Pali zizindikiro zina zimene sizidikira masabata awiri a kuyesa. Mwana akaleka kudya kapena kusamba, akasiya zonse zimene ankakonda, akakana sukulu masiku otsatizana, mukaona mabala odzicheka pamikono, kapena akanena mawu monga "Bola ndikanafa" ngakhale mokhala ngati akuseka, mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, kumamupatsa mpata wolankhula. Chotsani pafupi mankhwala a makoswe, ophera tizilombo ndi mapiritsi, ndipo pakhale wamkulu womuyang'anira usana ndi usiku. Pitani naye tsiku lomwelo ku kiliniki yapafupi kapena ku chipatala monga cha Matero, Chawama, Kanyama, Chilenje kapena cha m'komboni ya Chipata, komwe angamuone ndi kumutumiza kwa akatswiri ngati pafunika. Dzina la Chainama anthu amalitchula monyoza, koma Chainama Hills ndi chipatala cha matenda a maganizo monga momwe zilili zipatala za matenda ena, ndipo ambiri amaonedwa n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Pemphero ndi uphungu wa akulu a mpingo zipitirire, koma zisalowe m'malo mwa kuonana ndi adokotala.

Popita kuchipatala lembani papepala tsiku limene munayamba kuona kusintha, maola amene akugona, mmene akudyera, mankhwala alionse amene akumwa, ndi chilichonse chimene chinachitika pa foni kapena kusukulu masiku amenewo. Mukafika, pemphani kuti mwana apatsidwe mphindi zingapo zolankhula ndi adokotala kapena anamwino payekha, inu muli panja.